Harry Ferguson: mwana wa mlimi amene anathawa munda n'kubwererako ndi thirakitala

Munthu woyenda mumsewu wa M1, akatsika Thabwa n'kudutsa pa Nchalo ndi pa Ngabu kuloza ku Bangula, m'dera la Mfumu Yaikulu Mbenje m'boma la Nsanje, salephera kukumana ndi mathirakitala. Ena amakhala akukoka ngolo za nzimbe, ena za mchenga kapena njerwa, ndipo angapo mwa iwo ndi achikulire kuposa anyamata amene akuwayendetsa. Kumbuyo kwa pafupifupi thirakitala iliyonse, kaya ndi yofiira, yobiriwira kapena yabuluu, kumakhala mikono itatu yachitsulo, iwiri m'munsi ndi umodzi pamwamba, pamene amakolekapo pulawo. Mikono imeneyi ndi nzeru za Harry Ferguson, mwini wa theka la dzina loti Massey Ferguson. Iye anamwalira mu 1960, koma kufikira lero makampani opanga mathirakitala akutsatirabe njira yake.

Henry George Ferguson anabadwa pa 4 Novembala 1884 m'mudzi wa Growell, kufupi ndi tauni ya Dromore m'boma la Down, kumpoto kwa chilumba cha Ireland. Anali wachinayi m'banja la ana 11. Bambo ake, James Ferguson, anali mlimi wa maekala pafupifupi 100 komanso munthu wouma mtima pa zachipembedzo, wa mpingo wa Plymouth Brethren, ndipo pakhomo pawo buku lololedwa linali Baibulo. Harry anasiya sukulu ali ndi zaka 14 n'kuyamba kulima pamunda wa bambo ake. Anali wamfupi ndi wochepa thupi, choncho kuyenda tsiku lonse kumbuyo kwa akavalo atagwira pulawo yolemera kunkamuthetsa mphamvu. Ntchito ya kumunda anaida kotheratu, ndipo chidani chimenecho n'chimene chinadzamutsogolera moyo wake wonse.

Pofika 1902 anali atatsimikiza zosamukira ku Canada. Ulendowo unalephereka pamene mkulu wake, Joe, anamuitana kuti akamuthandize pa galaja yokonza njinga ndi galimoto mumzinda wa Belfast. Masana ankagwira ntchito, madzulo n'kumaphunzira pa sukulu ya zaumisiri ya mumzindawo. Pofuna kutchukitsa galajayo anayamba kulowa m'mipikisano ya njinga zamoto ndi galimoto. Kenaka mtima unapita ku ndege, zimene nthawi imeneyo zinali zitangoyamba kumene. Anapanga yakeyake, ndipo pa 31 Disembala 1909 anauluka nayo ku Hillsborough mtunda wa mamita oposa 100, n'kukhala munthu woyamba kuuluka pa ndege m'dziko la Ireland. Chaka chotsatira anapata mphotho ya mapaundi 100 atauluka m'mphepete mwa nyanja ku Newcastle, m'boma lomwelo la Down. Anagwa nayo kangapo, koma sanaleke msanga.

Joe ankaona kuti za ndegezo n'kutaya nthawi ndi ndalama, ndipo abale awiriwa anapatukana. Mu 1911 Harry anatsegula kampani yake yogulitsa galimoto, May Street Motors, imene pambuyo pake inatchedwa Harry Ferguson Limited. Mu 1913 anakwatira Maureen Watson wa ku Dromore komweko, ndipo anabereka mwana mmodzi wamkazi, Betty.

Chimene chinamubwezera kumunda ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Amuna ndi akavalo anali atapita kunkhondo, sitima zankhondo za Germany zinkamiza zombo zobweretsa chakudya, ndipo Britain inkaopa njala. Ferguson anali atayamba kugulitsa mathirakitala a ku America otchedwa Overtime, ndipo mu 1917 boma la ku Ireland linamupempha kuti aziyendera alimi n'kuwaphunzitsa kasamalidwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka makinawo. Anayenda dziko lonselo pamodzi ndi mmisiri wake Willie Sands, munthu wofatsa amene anadzagwira naye ntchito zaka zambiri. Zimene anaona m'mindamo zinawatsegula maso.

Thirakitala ya nthawi imeneyo inali ngati kavalo wachitsulo basi. Pulawo inali ndi mateyala akeake ndipo inkakokedwa kumbuyo ngati ngolo. Kuti mateyala a thirakitala asamaterereke, opanga ankaipanga yolemera kwambiri, zimene zinkaikweza mtengo, kuimwetsa mafuta ochuluka ndi kuumitsa nthaka imene inkapondapo. Choopsa koposa chinali ichi: pulawo ikakodwa pa mwala kapena pa chitsa, mateyala a kumbuyo ankaima koma injini inkapitirirabe kupota, thirakitala n'kunyamuka kutsogolo, kugwa chagada ndi kupsinja woyendetsa. Zonsezi zinkatha m'kanthawi kosakwanira kuti munthu aponde kilatchi. Mathirakitala a Fordson, amene Henry Ford anayamba kupanga mu 1917, anapha alimi ambiri mwa njira imeneyi.

Ganizo la Ferguson linali losavuta kulinena koma lovuta kulipanga: thirakitala ndi pulawo zikhale thupi limodzi. Zinamutengera zaka pafupifupi 16 kuti afike pa thirakitala yoyamba yochita zimenezo bwinobwino. Anayamba ndi pulawo yomangirira ku galimoto ya Ford Model T yosandutsidwa thirakitala, kenaka anapanga ina ya mikono iwiri yomangirira ku Fordson, imene ankaipanga ndi abale awiri a banja la Sherman ku Evansville, m'dziko la America. Mu 1925 analembetsa umwini wa njira yoti pulawo izidzikweza ndi kudzitsitsa yokha, ndipo patapita zaka zochepa mikono inakhala itatu.

Kagwiridwe kake ka ntchito kali chonchi. Mikono iwiri ya m'munsi imakoka pulawo, ndipo imakwezedwa kapena kutsitsidwa ndi mphamvu ya oyilo amene pampu imapanikiza. Pulawo ikamalowa m'nthaka imafuna kupendekera kutsogolo, motero imakankha mkono wa pamwamba. Mkonowo uli ndi sipuling'i yomva kukankhako. Nthaka ikalimba, kukankhako kumakula, ndipo oyilo amakweza pulawo pang'ono. Ikafewa, pulawo imabwerera pamlingo umene woyendetsa anaika. Apa pakutuluka zinthu ziwiri. Kulemera kwa pulawo ndi kwa dothi limene ikutembenuza kumagwera pa mateyala a kumbuyo, ndiye thirakitala yaing'ono, yopepuka, imagwira nthaka ngati yaikulu. Ndipo pulawo ikagunda mwala, mkono wa pamwamba umakanikizira mphuno ya thirakitala pansi, mateyala a kumbuyo n'kungopota pamalo amodzi, woyendetsa ali moyo.

Mu 1933, Ferguson pamodzi ndi amisiri ake Sands, Archie Greer ndi John Chambers anamaliza thirakitala yoyesera, yopakidwa penti yakuda, imene lero imasungidwa ndi nyumba ya mbiri ya sayansi ya ku London. Iye analibe fakitale, ndipo vuto limeneli linamutsata zaka zambiri: nzeru zinali zake, koma zitsulo ndi ndalama zinali za ena. Woyamba kugwirizana naye anali David Brown wa ku Huddersfield, amene kuyambira 1936 anapanga mathirakitala oposa 1,300. Malonda sanayende bwino chifukwa mlimi ankayenera kugulanso mapulawo ndi zipangizo zina zatsopano zogwirizana ndi mikono itatu ija. Brown ankafuna thirakitala yokulirapo, Ferguson anakana, ndipo ubale wawo unazilala.

Mu Okutobala 1938 anapakira thirakitala imodzi ndi pulawo yake m'mabokosi n'kupita nazo ku Dearborn, kwawo kwa Henry Ford. Awiriwa anali atakumanapo kale mu 1920, pamene Ford anafuna kumulemba ntchito koma iye anakana. Ulendo uno analima pamaso pa Ford, kathirakitala kake n'kuchita bwino kuposa ena aakulu amene anawabweretsa kuti apikisane nako. Atatha, anakhala patebulo limene linaikidwa pamundapo, ndipo Ferguson anafotokoza za mikono itatu pogwiritsa ntchito kathirakitala kachidole. Anapangana kuti Ford azipanga mathirakitala, Ferguson azigulitsa, ndipo aliyense anali ndi ufulu wothetsa mgwirizanowo nthawi iliyonse. Sanalembe kanthu papepala. Anangogwirana chanza.

Thirakitala ya Ford 9N inatuluka mu Juni 1939 pa mtengo wa madola 585. Pofika 1947, mathirakitala a mtunduwu ndi a mtundu wotsatira, 2N, anali atapitirira 300,000. Kampani ya Ferguson inalemera, pamene akaundula a kwa Ford ankadandaula kuti iwo akupanga moluza. Mdzukulu wa Ford, Henry Ford II, atatenga utsogoleri wa kampaniyo, anathetsa mgwirizanowo, ndipo kuyambira pakati pa 1947 anayamba kupanga ndi kugulitsa yekha thirakitala ya 8N, yokhala ndi mikono itatu yomweyo, osalipira mwini nzeru kalikonse. Gogo wake, mboni ya kugwirana chanza kuja, anali atamwalira mu Epulo chaka chomwecho. Mu Januwale 1948 Ferguson anakasuma kukhoti, akufuna madola 251 miliyoni. Mlanduwo unatenga zaka zoposa zinayi, ndipo mu Epulo 1952 anavomera kulandira madola 9.25 miliyoni, gawo lalikulu n'kuthera kwa maloya. Panthawiyo umwini wake pa zambiri mwa nzeruzo unali ukutha malinga ndi malamulo, ndipo makampani ena anayamba kuzitengera mwaufulu.

Mwayi wake unali woti sanaike mtima wonse pa America. Nkhondo yachiwiri itatha, anagwirizana ndi Sir John Black wa kampani ya Standard Motor, amene anali ndi fakitale yopangira injini za ndege ku Banner Lane mumzinda wa Coventry, yomwe inali itasowa ntchito. Pa 6 Julayi 1946 mufakitaleyo munatuluka thirakitala yoyamba ya TE20, yaing'ono, yotuwa ngati phulusa, imene alimi anaipatsa dzina lachikondi loti Fergie. Pofika 1956 anali atapanga 517,651, ndipo ambiri anagulitsidwa kunja kwa Britain. Yoyendera dizilo inabwera mu 1951, ngakhale kuti mwini wake sankakonda dizilo.

Khalidwe la Ferguson limaoneka m'thirakitala imeneyi. Anali munthu wokonda dongosolo mopitirira muyeso: wantchito aliyense ankayenera kuyenda ndi kabuku ndi pensulo, kufika pa nthawi yake ndi kuvala mwaukhondo. Analamula kuti mabawuti amene mlimi amamasula kawirikawiri akhale a misinkhu iwiri yokha, kuti sipanala imodzi ikwanire pa thirakitala ndi pa zipangizo zake. Pa sipanalayo panali timizere ta mainchesi toyezera kuya kwa mzere wa pulawo, ndipo alimi ankaipisanso m'thanki kuti adziwe mafuta otsala. Pa zotsatsa malonda analinso katswiri. Mu 1948 anayendetsa thirakitala m'chipinda chovinira cha hotela ya Claridge's ku London, n'kutsika nayo masitepe a pakhomo atolankhani akuona. Kugwira naye ntchito kunali kovuta. Ndi ochepa mwa amene anachita naye bizinesi amene sanasiyane naye mokangana.

Mbiri ya kathirakitala kotuwaka inafika kutali. Pa 4 Januwale 1958, Sir Edmund Hillary anafika pa South Pole, pakati pa chipululu cha madzi oundana kumwera kwenikweni kwa dziko lapansi, ndi mathirakitala atatu a mtunduwu. Koma nkhani imene anthu a kwa Mbenje angaimve bwino ndi ya tauni ya Wentworth ku Australia, pamene mitsinje ya Murray ndi Darling imakumana, monga Ruo amathirira mu Shire pa Chiromo. Mu 1956 mitsinje yonse iwiri inasefukira. Makina aakulu ankatitimira m'matope, koma mathirakitala a Ferguson, chifukwa cha kupepuka kwawo, ankatha kuyenda pamwamba pa migula yotchinga madzi, akututa dothi usana ndi usiku kwa miyezi ingapo mpaka tauniyo inapulumuka. Anthu a kumeneko anamangira thirakitalayo chipilala chachikumbutso, chimene chilipobe.

Ferguson sankadziona ngati wamalonda chabe. Ankakhulupirira kuti thirakitala yaing'ono ndi yotsika mtengo ikafika kwa mlimi wamng'ono, chakudya chidzatsika mtengo, katundu wina adzatsatira, ndipo njala ndi umphawi zidzachepa padziko lonse. Analembera makalata atsogoleri a maiko, nalipira masamba athunthu m'nyuzipepala pofalitsa ganizoli. Ambiri ankangomumvera mwaulemu.

Ku Africa kuno zinthu zinatenga njira ina. Mu 1947 boma la Britain linayambitsa ntchito yolima mtedza ku Tanganyika, m'madera a Kongwa, Urambo ndi Nachingwea, ndi makina aakulu, ena mwa iwo akasinja ankhondo osandutsidwa mathirakitala. Nthaka youma inadya zitsulo, mvula inakana, ndipo mu 1951 ntchitoyo inathetsedwa itamwaza mapaundi oposa 30 miliyoni. Kuno ku Nyasaland, m'zaka zomwezo pamene Coventry inkatulutsa mathirakitala mazanamazana pa sabata, boma la atsamunda linkakakamiza alimi kuunda mizere ndi khasu pansi pa malamulo a malimidwe. M'maboma a Chikwawa ndi Port Herald, amene lero ndi Nsanje, Amang'anja ndi Asena anakana zolimba, popeza sanaone chifukwa cha mizere m'chigwa chafulati ndi chotentha, ndipo okana ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Thirakitala inadzazika mizu m'chigwachi kudzera m'minda ikuluikulu, makamaka kampani ya Lonrho itatsegula minda ya nzimbe ya SUCOMA ku Nchalo, kumene shuga anayamba kupangidwa mu 1966.

Mlimi wa thonje, mapira ndi mchewere wa kwa Mbenje wakhalabe ndi khasu, ndipo wochita bwino ali ndi ng'ombe zolimira. Si kuti thirakitala ilibe ntchito kumeneko. Dothi lakuda la makande, lofala m'chigwachi makamaka cha ku Ngabu, limauma ngati mwala m'chilimwe ndipo limamata ngati ulimbo mvula ikagwa, moti masiku abwino olimira ndi owerengeka. Ndi nthaka yotere imene pulawo yodzikweza yokha ija inapangidwira. Chovuta ndi masamu ake. Munthu wa hekitala imodzi sangagule thirakitala, ndipo wobwereketsa amafunidwa ndi aliyense m'sabata zomwezo za mvula yoyamba. Miyezi yotsalayo mwini wake amadalira kututa mchenga, njerwa ndi zokolola kuti abweze ndalama za dizilo ndi mateyala. Boma litayesa kulowererapo, nkhani yake inathera kwa Ombudsman. Mu 2016 Martha Chizuma, amene anali pa udindowo, anatulutsa lipoti lokhudza mathirakitala 177 ndi makina otongolera chimanga 144 amene anagulidwa ndi gawo la ngongole ya madola 50 miliyoni yochokera ku banki ya Exim ya ku India. Lipotilo linapeza kuti ambiri mwa makinawo anagulitsidwa motchipa kwa andale, akuluakulu a boma ndi ena ochita bwino, pamene ngongoleyo ikubwezedwa ndi Amalawi onse.

N'chifukwa chake thirakitala yakale ili ndi mtengo wake kuno. Ku Britain, anthu amagula TE20 n'kuipaka penti yatsopano kuti azikaionetsa pa zionetsero za zinthu zamakedzana. Kuno zidzukulu zake, monga Massey Ferguson 135 ndi 165 zimene zinayamba kupangidwa mu 1964, zikadali pantchito. Zilibe kompyuta, injini zake za Perkins makaniko wa pa tauni amatha kuziphwasula ndi kuzimanganso pansi pa mtengo, ndipo zitsulo zake zikupangidwabe, popeza makampani monga TAFE ya ku India ndi Millat ya ku Pakistan akhala akupanga mathirakitala a mtundu womwewu kwa zaka makumi angapo. Komabe ukalamba uli ndi zoopsa zake. Ambiri mwa mathirakitala akalewa alibe chitsulo choteteza woyendetsa akagubuduzika, ndipo nzeru za Ferguson zimateteza munthu pokhapokha katundu atakolekedwa pamalo pake. Womanga tcheni pamwamba, pafupi ndi mpando, kuti azule chitsa kapena atulutse lole m'matope, amadziikanso pangozi yomwe ija imene inkapha alimi a Fordson.

Mwini dzina sanakhalitse ndi kampani imene ikudziwika ndi dzina lake. Mu 1953, atatopa ndi mlandu uja, anaphatikiza kampani yake ndi Massey-Harris ya ku Toronto m'dziko la Canada. Pokambirana za mtengo anasiyana ndi madola 1 miliyoni, ndipo Ferguson anati aponye ndalama yachitsulo m'mwamba. Anaponya, iye n'kuluza, ndipo analandira masheya a madola 16 miliyoni. Anapatsidwa mpando wa wapampando, koma chisanathe chaka anakangana ndi anzakewo pa za mitengo ndi kapangidwe ka mathirakitala, ndipo mu 1954 anatula pansi udindo n'kugulitsa masheya ake onse. Dzina la kampaniyo linadzafupikitsidwa kukhala Massey Ferguson iye atachoka kale, ndipo mtundu wotuwa uja unalowedwa m'malo ndi wofiira. Kuyambira 1994 kampaniyo ili m'manja mwa AGCO ya ku America, imene inatsegula munda wophunzitsirapo alimi kufupi ndi Lusaka. Fakitale ya ku Banner Lane inatulutsa thirakitala yake yomaliza mu Disembala 2002.

Zaka zake zomaliza anazithera pa kufufuza za galimoto yokoka ndi mateyala onse anayi, imene ankati idzachepetsa ngozi zapamsewu, koma palibe kampani yaikulu imene inavomera kuipanga iye ali moyo. Ankavutika ndi kusowa tulo ndiponso matenda a nkhawa. M'mawa wa pa 25 Okutobala 1960 anapezeka atamwalira m'bafa kunyumba kwake ku Abbotswood, kufupi ndi Stow-on-the-Wold ku England, patatsala masiku 10 kuti akwanitse zaka 76. Madokotala anapeza kuti anamwa mankhwala ogonetsa opitirira muyeso, ndipo bwalo lofufuza za imfayo silinagamule ngati anachita mwadala kapena mwangozi. Chaka chotsatira, Stirling Moss anapambana mpikisano wa ku Oulton Park ndi galimoto ya Ferguson P99, yokoka ndi mateyala onse anayi. Kwawo ku Northern Ireland, nkhope yake ndi chithunzi cha thirakitala zinaikidwa pa ndalama ya mapaundi 20 ya banki ya Northern.